Nkhondo ya Duwa Lomwe Linasintha Malaya

Tcherani makutu, inu a m'malire, inu amene mumatha kudya nkhomaliro kawiri pongowoloka msewu! Munali m'chaka chachitatu cha chilala, chaka chomwe ntchentche zinachuluka kuposa anthu ovota, mwezi wa Disembala dzuwa likuswa mtengo, pamene nkhondo inabuka pakati pa Jennings wa ku New South Wales ndi Wallangarra wa ku Queensland, timatauni tiwiri toyang'anizana ngati akazi apamitala. Sitigwirizana pa chilichonse ife. Pa mpira wa ragibi kuno timavala buluu, tsidya ilo amavala zofiira ngati chiwindi. Ndipo nyengo yotentha ngakhale mawotchi athu amakangana, poti kuno ikamakwana teni koloko, kwa iwo imakhala idakali naini.

Mbali ya buluu kunali a Desmond Pratley, Mkango wa ku Jennings, Wometa Kapinga Kawiri pa Sabata, Mliri wa Nkhono, amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi anayi sitima osaichedwetsapo, mpaka sitimayo inatopa nawo n'kusiya kubwera. Mbali yofiira, khomo kuyang'anizana ndi khomo, kunali alamu awo, mayi Merle Hackett, Mphenzi ya ku Wallangarra, Diso Losaphethira Pazenera, mkulu wake wa malemu Noelene, mkazi wa a Des.

Tsono Noeleneyo anabadwira kofiira, nawoloka msewu kudzakwatiwa, navala mpango wa buluu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu kuti pakhomo pakhale mtendere. Ndiye amene anadzala duwa la haidiranjiya pafupi ndi mpopi wa madzi, pomwe dzuwa limafika m'mawa wokha. Maluwa ofesa chaka chilichonse sankawafuna. Ankati, "Ine ndinasankha mwamuna mmodzi ndi duwa limodzi. Onse awiri nthawi yozizira amaoneka ngati afa, koma ukawadulira n'kuwamwetsa amadzukanso." Chaka ndi chaka duwalo linkatulutsa mitu ikuluikulu ngati kabichi, yabuluu wa timu ya a Des weniweni, ndipo iwo ankayenda chifuwa patsogolo ngati analipenta okha.

Noelene anamwalira mu Juni chaka chinacho. Thupi analitentha monga anapempha mwiniwake, ndipo kamtsuko ka phulusa kanaikidwa pamwamba pa wailesi yakanema, pomwe Merle ankabwera Lamulungu lililonse kudzakauza miseche yonse ya m'tauni. Kwa a Des, chomwe chinatsala cha mkazi wawo chopuma ndi chofuna madzi chinali duwa lija basi. Ankalikonda, ndipo ankalisowa Noelene koopsa, ngakhale kuti sakanavomera zimenezo olo mutawapanikiza ndi chitseko.

Disembala woyamba maluwa anatuluka otuwa mokayikitsa, a Des nati ndi chilala. Koma Disembala wachiwiri, mayo ine! Atatuluka m'mawa, kabudula m'chiuno, paipi yothirira m'manja, anapeza chitsamba chonse chitavala zofiira ngati chiwindi. Malaya a adani, pabwalo la Mkango! Paipi inagwa. Anawoloka msewu opanda nsapato, nalowa m'dziko la eni ola lathunthu asananyamuke kwawo.

"Alamu! Tulukani panja, mfiti ya maluwa inu!" anabangula. "Mwalithira chiyani duwa la mkazi wanga?"

Merle anatulutsa mutu pazenera, tiyi ali m'manja, nayang'ana tsidya. Kuseka kwake agalu a misewu itatu anayankha.

"Ee, koma abale! Lazindikira pomaliza? Alamu, ngakhale duwa limatopa kuchemerera timu yoluza."

"Mukuvomera?"

"Ndivomere chiyani? Ine pabwalo panu ndimangodutsa. Kapinga wanuyo mumachita kumulondera ngati mwana wamkazi."

Pamenepo Mkango unakweza chala kumwamba, nulumbira pa njanji, pa makina ometera kapinga ndi pa mizimu ya osewera onse amene anathyoka mphuno chifukwa cha buluu. "Imvani, inu a Queensland, odya nthochi zokhota! Loweruka teni koloko mubwere mudzaulule. Mukapanda kutero ndilizula ndi mizu yomwe. Kuli bwino pabwalo panga pamere chisoso kusiyana n'kuti pakhale kazitape!"

"Zulani tione," anatero Merle, natseka zenera. Koma tiyi uja sanamumalize, chifukwa duwalo linali la mng'ono wake.

Masiku anayi otsatira anali a nkhondo yeniyeni. A Des anathira masamba a tiyi. Anathira nsenga za khofi. Anakwirira misomali yadzimbiri yomwe anaisunga kuyambira nthawi ya njanji. Analiimbira nyimbo ya timu yawo, chipewa chabuluu chili pamtima. Duwa linangofiirirabe, osachita nawo manyazi. Merle naye anapachika mbendera yofiira pa chingwe choyanikira zovala, pambali pa zamkati zake, kuti zonse ziwiri zizionekera ku New South Wales. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Mumtima a Des ankapemphera kuti mlamu wawo aulule ngakhale bodza, poti mawu anali atatuluka kale pagulu, ndipo mwamuna wa ku Jennings kubweza mawu pamaso pa Queensland ndi imfa.

Loweruka linafika. Teni koloko inakwana, tsidya la msewu kuli zii. A Des anadikira mphindi zisanu, mphindi khumi. Anamva kuwawa ngati awaponda pa chilonda: kodi mayi ameneyu mng'ono wake samuwerengera n'komwe? Ukali unawaiwalitsa chinthu chomwe ngakhale mwana wa mkaka kuno amachidziwa, chakuti kwa Merle inali idakali naini, ndipo Mphenzi inali pagalasi ikupota tsitsi, itakonzeka kudzachonderera nthawi ikakwana.

Fosholo inakwera kumwamba, inatsika, inaluma nthaka. Merle ataona pazenera analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, zopotera tsitsi zili m'mutu, silipasi imodzi itatsalira ku Queensland.

"Imani, chitsiru cha munthu! Idakali naini!"

"Kuno ndi teni kupitirira!"

"Munanena muli pakhomo panga! Teni ya kwanga!"

Anagwirana fosholo, uyu kukoka, uyu kukoka, anthu a zaka makumi asanu ndi awiri, mpaka chibuma cha dothi chinatembenuka. Onse anayang'ana pansi. Dothi lakuno ndi lakuda, koma ilo linali la mawangamawanga oyera.

"Laimu! Mwathira laimu!" anakuwa a Des. Koma mawuwo anatuluka opanda msana.

Merle anagwada, natola pang'ono, nafikisa pa zala. Anatembenukira kwa mlamu wake. "Desmond Pratley. Ichi si laimu. Mwathira chiyani apa?"

Mkango unayang'ana zala za kumapazi.

"Ndati mwathira chiyani?"

"Noelene anandiuza yekha, kuchipatala," anatero a Des motsitsa. "Anati, 'Musandisiye pa wailesi ngati chidole. Muzindithira pansi pa duwa langa, supuni imodzi pamwezi, musakanize bwino ndi dothi. Ndipo Merle asadziwe, angalongolole.'"

"Nanga m'kamtsuko muja muli chiyani?"

"Mchenga wa nkhuku."

"Mchenga wa nkhuku! Chaka ndi theka ndakhala ndikuuza mchenga wa nkhuku zinsinsi za mpingo?"

Merle anakhala pansi pa kapinga woletsedwa uja, nayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kulirako n'kubwereranso kuseka. "Alamu, mutu wanuwo unapita ndi sitima? Phulusa ndi laimu n'chimodzimodzi kwa haidiranjiya. Dothi likakhala lowawasa duwa limakhala buluu, ukathira phulusa limafiira. Wolima maluwa aliyense amadziwa. Ndipo anandiphunzitsa ine zimenezi ndi Noelene."

A Des anatembenukira ku duwa lija.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anakuvalirani buluu, akuwombera m'manja zigoli zanu uku mtima ukulira," anatero Merle. "Wangovala malaya akwawo, basi. Ndiye inu mumati mumuzule."

Ngwazi ya ku Jennings inagwada, nibweza chibuma chija ndi manja ake awiri, kuchisindikiza mofatsa. Misozi inatsika poyera, osabisa. Ali chogwada choncho, pansi pa masamba, pambali pa mpopi pomwe ankaima tsiku ndi tsiku pothirira, anaona mutu umodzi waung'ono womwe supuni sinafikeko. Unali wabuluu.

"Taonani, alamu," anatero.

Merle anasuzumira, napukuta mphuno. "Hm. Wakusiyirani kamodzi. Anali wachifundo kwa oluza, mng'ono wangayo."

Pangano la mtendere linasainidwa tsiku lomwelo pakati penipeni pa msewu, pa tebulo lositira zovala, leveni koloko yomwenso inali teni koloko, moti mpaka lero olemba mbiri amakangana kuti nkhondo inatha liti. Panadyedwa masoseji opserera okulunga mu buledi, panamwedwa mowa wa maiko onse awiri, fosholo inavekedwa nkhata, ndipo mchenga wa nkhuku unabwezeredwa kwa eni ake ndi ulemu wonse, Merle atawachenjeza nkhukuzo kuti zisaulule kanthu. Mfundo za pangano zinali ziwiri: phulusa lotsala lizithiridwa kumpoto kwa chitsamba, koyang'ana ku Queensland, ndipo kum'mwera kuzithiridwa masamba a tiyi kuti kukhale buluu.

Anthu atabalalika, a Des anatenga paipi, naima pamalo pawo pa nthawi zonse. Anavula chipewa chabuluu chija, nayang'ana uku ndi uku ngati pali womva.

"Chabwino, mayi, mwawina," ananong'ona. "Koma zaka zonsezi, mukanangonena."

Ndipo anathirira mbali yofiira poyamba.