Tsiku limene ndinayendetsa galimoto ya a Rocco

Abale, kudzitama kunatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ku North York kuno! Ine ndimasamalira a Rocco, nkhalamba ya ku Italy, ndipo m'galaja mwawo muli galimoto yofiira imene inapangidwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe. Amati inali ya anthu olemera okhaokha, bambo awo ankachita nayo mipikisano m'mapiri akwawoko.

Tsiku lina akuti tiitulutse iwombedwe mphepo. Nditasuzumira, chiwongolero chili kumanja, osati kumanzere ngati zakuno! Mtima unangoti myaa, ndinakumbuka kwathu.

"Bwana, izi ndiye zathu," ndinatero. "Ine ndayendetsa minibasi ya Limbe–Ndirande, iyi ndi chiyani?"

Iwo anakhala pambali panga n'kuyamba kufotokoza zopondaponda zam'munsimu, koma ndinkamva ngati? Ndinkangoti "ehe, ehe," maso ali kwa mayi woyandikana nafe kuti andione.

Injini inalira ngati chigayo, tinatuluka bwinobwino. Pofuna kuima ndinaponda chapakati, monga amachitira munthu aliyense wanzeru zake. Mayo ine! Galimoto inalumpha. Ndinapondanso mwamphamvu, ndiye inachita kuuluka. Kodi inu munamvapo kuti pali galimoto imene moto uli pakati, buleki kumanja? Anthu akalewo ankaganiza chiyani?

A Rocco akukuwa m'chinenero chawo, ine ndikukuwa "Yesu wanga!", tinadutsa pakapinga, tinalowa m'dimba la matimati, mpaka tinakaima pampanda, phoo! Nyali imodzi inagwa pansi. Nyali imene sigulitsidwanso kulikonse.

Ndinatsika ndikuona kale ntchito itatha. Posakhalitsa mwana wawo wamkazi, amene anandilemba ntchitoyo, anatulukira atayitanidwa ndi mayi ndinkafuna kumuonetsa luso uja.

"Ndani amayendetsa?" anafunsa mwana wawoyo.

A Rocco anakweza dzanja, nkhope ili ngwee, akuti ndi iwowo, ndipo zaka zambiri zapita asanamve kukoma chonchi.

Mwanayo anawakalipira bambo ake mpaka ine ndinamva chisoni. Kenako anazula makiyi, anandigwira dzanja n'kundifumbatitsa.

"Kuyambira lero muzisunga ndinu. M'nyumba muno munthu wosamala ndinu nokha."

Ndinalandira ndi manja awiri, a Rocco akunditsinzinira diso. Makiyiwo ndili nawo mpaka pano, koma kukhalanso pampando umene uja? Ndalumbira, ine ndine wa basi mpaka kufa.