Masiki ya Boma ndi Ndevu za a Mbewe

Lolemba

Mulungu sagona! Pa bolodi la mulaibulale ku Lewisham, kuno kwa azungu, ndapeza chikalata: boma likupereka ndalama ku magulu a m'dera kuti anthu aphunzire kuthandiza pa ngozi za mankhwala oopsa. Asidi akatayika, gasi akadontha, munthu akapuma utsi wa poizoni. Chichitikireni mabomba a chaka chatha aja, akufuna anthu odziwa. Gulu lililonse malo anayi, ndipo pamapeto pake satifiketi!

Ndikangoigwira satifiketi imeneyo, kunyumba yosungira okalamba ndatsanzika. Kwathu ndinali namwino weniweni, kuno ndimasintha matewera a azigogo. Ndi pepala limeneli ndikagogoda kuchipatala mopanda manyazi.

Zofunika:
- gulu lokhala ndi komiti, mpingo wathu wa Amalawi ulipo
- siginecha ya wapampando
- mayina anayi a anthu amphamvu zawo
- envelopu yaikulu

Dzina loyamba ndi langa. Ndalilemba ndi bolopeni.

Lachiwiri

Ndaimbira wapampando, a Mbewe, amene anabwera kuno ine ndili ku pulayimale. Moni, ana, miyendo yawo, mvula ya kumudzi. Mayunitsi atha nkhani ndisanaiyambe. Ndagula ena.

"Nkhani yabwino, mwanangu. Koma mutu umodzi susenza denga. Tiyitane komiti."

Ndati, "Zoonadi, bambo." Envelopu ndagula kale, ya khaki, yolimba bwino.

Lachitatu

Nkhani yawanda, foni sikupuma. Aliyense wamva kuti kuli wekishopu ya boma. A Zulu, a ku Chipata aja amalondera sitolo ku Tottenham: "Sisi, nilembeniko. Allowance ni zingati?" Ndati palibe. "Nanga lunch?" Ndati mwina sangweji. Foni yaduka yokha.

Pofika madzulo achinyamata onse ali ndi mashifiti. Wekishopu yopanda alawansi kwa ife ndi maliro opanda nyama. Sindikudandaula, opikisana nawo achepa!

Lachinayi

Komiti yakumana kwa a Mbewe ku Greenwich. Pemphero, nyimbo, tiyi, pemphero lina. Ndafotokoza bwinobwino: munthu amavala suti ya pulasitiki kuyambira kumutu mpaka kuphazi, botolo la mpweya kumsana, masiki yomata kumaso. Mkati mwake thukuta lokhalokha. Onse akugwedeza mitu, kenako wina wafunsa ngati satifiketiyo imabwera ndi felemu.

Zomwe agwirizana:
- a Mbewe sangatsale, gulu lingakaoneke bwanji kuboma lopanda mutu?
- Mayi Busa sangatsale, kukapita abambo okhaokha amayi adzanena
- a Banda, msungichuma, sangatsale, kumene kwapita ndalama iwo amatsatira

Ine ndakhala pampando waufupi pafupi ndi chitseko, ndikuthira tiyi. Malo atsala amodzi, ndipo ndi anga. Ndikupumabe!

Lachisanu

Ndaimbira mayi wa ku khonsolo amene akulandira mafomu. Akuti masiki simata pa ndevu, ofuna kuphunzira amete. Mayo ine! Ndevu za a Mbewe zimafika pa batani lachiwiri la malaya. Ndani angauze mkulu wa mpingo kuti akamete?

Ndapita ndekha. Ndagwada, ndazungulira nkhani mpaka mawondo kuwawa. Ndati, "Bambo, akuti masiki ndi ndevu sizimvana kwenikweni."

"Ndevu izi ndinachoka nazo ku Ntcheu. Adzabweretse masiki yaikulu."

Mayi Busa akuti sangaime pamaso pa abambo atavala chinthu cha miyendo iwiri, adzamanga chitenje pamwamba pa sutiyo. Akufuna adziwe mtundu wake kuti zigwirizane. A Banda ali ndi mphumu, akakwera masitepe amapuma ngati mvukuto.

Fomu ikufunsa ngati onse ali athanzi. Ndalemba kuti inde, mwa chisomo. Kenako "mwa chisomo" ndafufuta.

Loweruka

Abusa amva kuti akazi awo akupita. Akuti nkhosa zingalowe m'moto mbusa ali kunyumba?

A Mbewe andiimbira, mawu ofewa ngati akupempha mchere. "Mwanangu, iwe ukadali wamng'ono, mwayi udzaupezabe. Ndiye dzina lako lija..."

Ndati, "Palibe vuto, bambo."

Palibe vuto! Pakamwa pangapa ndi pa ndani? Chikalata ndinachiona ndine, fomu ndalemba ndine, dzina langa ndafufutanso ndine. Ndisaname, zandiwawa. Ndalira m'basi popita ku shifiti, mayi wina wachizungu mpaka wandipatsa tishu. Kuntchito gogo wa m'chipinda chakumapeto wandigenda ndi supuni.

Lamulungu

Envelopu yaikidwa kutsogolo, aisanjika manja. Abusa athokoza akuluakulu chifukwa cha masomphenya awo. Amen ndayankha nawo, nanga nditani?

Titaweruka, a Mbewe asaina n'kundikokera pambali. Akuti anaimbira okha ku khonsolo kukafunsa za masiki yaikulu. Masiki sanaipeze, koma anamva kuti gulu lililonse lizibweretsa munthu mmodzi wodzakhala wovulala wongoyerekezera. Azigona pansi, ophunzira azimunyamula n'kumutsuka ndi paipi.

"Komiti yasankha iwe, poti ndiwe wopepuka."

Satifiketi palibe. Felemu palibe. Madzi ozizira okha.

Ndavomera. M'kalasimo ndidzalowa ndithu, ngakhale chogona, ndipo makutu sadzakhala ovulala. Ndiye ndikuganiza za tsikulo: anthu anayi awa m'masuti a pulasitiki, wina wa mphumu, wina chitenje chikumukola, wina mpweya ukuthawira m'ndevu, onse akulimbana ndi machira. Sipadzatha nthawi, wina adzagwa zenizeni.

Pamenepo padzafunika namwino, ndipo mphunzitsi adzaona yekha wovulala akudzuka.

Envelopu ndikaiponya mawa.