Ex Anatuluka M'chidindo

Usiku wathawu, amayi anzanga, ndinalota zoti ndikakumbukira ndikumaseka ndekha panjira. Mukudziwa kuti komiti ya parishi ikumana lero kuti igamule za mabuku a malemu Bambo Makhwira, amene ndawasunga zaka khumi ndi ziwiri m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Apampando, a Dzimbiri, akuti palibe amawerenga, bola apite kumsika azikakulungira mandasi. Ndinagona mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndinangopezeka ndili m'kachipindamo, dzuwa lili paliwombo, ndikupukuta fumbi. Mwadzidzidzi chidindo cha Bambo, cholembedwa mawu achilatini akuti Ex libris, chinayetsemula, ndipo Ex anagwera patebulo. Kanali kamunthu ka zilembo ziwiri, kanthiti zitatu ndi miyendo yopingasa.

"Mwaswera bwanji, mayi Nasibeko?" anatero. "Ine kwathu ndi ku Roma. Muno ntchito yanga ndi kunena mwini buku basi, koma kwina konse ndimayenda. Ndiberekeni mukaone."

Ndiye ndinamubereka ndi chitenje, mai ine kulemera kwake! Tinalowa m'buku la Misa yakale ngati tikulowa m'munda wa chimanga, ndiye ndinamuona Ex yemweyo ataima kutsogolo kwa dzina la Maria, akuimba besi, pomwe kumbuyo kwanga analinso. Sindinadabwe. Ndiye mzere wa nyimbo unasanduka msewu watala, msewu unasanduka nyuzipepala, ndipo m'menemo munatuluka bwana wina amene anali nduna kale, koma tsopano anamulemba kuti ex-minister, nsapato ili m'manja.

"Choka kutsogolo kwa udindo wanga, iwe!" anakuwa bwanayo.

"Sindinadziike ndine, bwana, anandiika ndi ovota," anayankha Ex.

Bwana anafufuma, nafufumabe, mpaka anasanduka nkhukundembo, nalowa m'tsamba la zamasewera. Ndinaseka mpaka chitenje kumasuka.

Mwadzidzidzi tinali m'kope la mlembi wa komiti. "Muno amandilemba ex officio," anandinong'oneza Ex. "Palibe anandisankha, koma pamsonkhano ndimakhalapo, tiyi ndimamwa nawo." Ndiye a Dzimbiri anaimirira kuti atsegule msonkhano, ndevu zinayamba kutalika, nyanga n'kumera. Anali tonde wovala tayi, akutafuna tsamba la dikishonale mwaulemu wake wonse.

"Mee, pali wotsutsa?" anafunsa.

Ndinati nditsutse, koma m'kamwa mwanga munatuluka fumbi lokhalokha. Ndiye mipando inasanduka mabenchi a pamsika, ndipo ndinaona zimene ndimaopa zija. Masamba a mabuku a Bambo ali nonononono ndi mafuta, akukulunga mandasi. Ndinamva chisoni chachikulu. Koma nditayang'anitsitsa, msika wonse unali duu, aliyense akuwerenga pepala lake. Wakabaza wina anali ataiwala njinga.

"Ndipatseni lina, mayi," anauza wogulitsa. "Mandasi ndakhuta, koma ndikufuna ndimve ngati mtsikanayu anakwatiwa."

Ndiye tsamba lina linandikodola. "Mayi, zaka khumi ndi ziwiri mwatipukuta, mwatithirira mankhwala a chiswe. Zikomo. Koma kuwerengedwa tayamba lero."

"Ndimaopa kuti mutayika," ndinatero. "Anthu akabwereka sabweza."

"Nanga anabwerekapo ndani? Akafika amapeza loko, inu mwamangirira kiyi m'chiuno."

Manyazi anandigwira, koma chimwemwe chinawaposa, poti ndinadziwa pomwepo kuti anthu athu kuwerenga amakufuna. Ndinathamanga, msika ukuthamanga nane, nkhukundembo pambuyo. Ndinatsegula chitseko, mabuku n'kutuluka ngati ngumbi mvula itagwa, anthu akuwawakha ndi mabeseni, kwaya ikuimba padenga, Ex akuvina chitelele paphewa langa. Ndiye tonde uja anakweza chiboda kuti anene chigamulo, anthu onse zii, iye n'kutsegula pakamwa...

Ngwe! Ngwe! Ngwe! Anali mayi oyandikana nane akugwetsa ndowa pampopi. Chigamulo sindinachimve.

Ndiye musandiyang'ane choncho, amayi. M'dengu ndasenzali si tomato ayi. Aliyense atenge buku limodzi apite nalo kwawo, ndipo a Dzimbiri akakufunsani masanawa, muwauze tsamba limene mwafika.