Tsiku Limene Injini ya Mafodya Inamwa Thobwa

Mukadzafika ku Makhanga n'kumva nkhalamba zikukamba za "mkamwini wa injini", musavutike kufunsa kuti ndani. Ndine. Nkhaniyi aliyense amaithira mchere wake, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku Chiromo kwa Mpwitikizi wina wogula thonje, amene tinkamutcha Mafodya. Iyeyu anabwera ndi chinthu chachilendo kuchokera ku Beira: injini yomangirira kumbuyo kwa boti, ya mwendo wautali wolowa m'madzi, kumapeto kwake kuli timapiko tozungulira. Ine ndinali nditagwirapo ntchito m'sitima za mu Shire, choncho ndinkadzitcha katswiri wa makina. (Ntchito yanga m'sitimamo inali yoponya nkhuni pamoto. Koma anandifunsa ndani?)

Tsiku lina injiniyo inayamba kutsokomola n'kuzima pakati pa mtsinje. Mafodya anaitukwana m'chinenero chakwawo, anaisiya m'sitolo, n'kukwera sitima ya pamtunda kukafuna mmisiri ku Nsanje.

"Uzingoipukuta fumbi," anandiuza. "Kwinako usakhudze."

Ndinavomera mwaulemu, mumtima ndikumumvera chisoni munthu wokafuna mmisiri kutali pamene katswiri ali pakhomo.

Chimene chinandisokoneza mutu kwenikweni ndi Malita. Bambo ake, a Semba, anali msodzi komanso wosema mabwato, ndipo nditatumiza ankhoswe anayankha mwachidule kuti mwana wawo sangapite kwa mwamuna wosadziwa kugwira nkhafi. Ndinaganiza zokawaonetsa kuti nthawi ya nkhafi inatha. Loweruka m'mawa ndinakulunga injini m'chiguduli n'kuisenza mpaka kwawo. Boti la Mafodya linali pa unyolo ndi loko, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Injini imalira ndi petulo. Madzi ndi a chiyani?

Ndinapeza a Semba pansi pa mtengo atangomaliza kusema bwato latsopano. Mayi ake a Malita anali atasanja mitsuko ya thobwa la anthu odzakokera bwatolo kumtsinje, ndipo anthuwo anali atasonkhana kale. Mboni zaulere.

"Baba, ndabweretsa chopalasa chosatopa," ndinatero.

Anayang'ana injini, anayang'ana ine. "Pyadidi," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti chabwino. "Tioneni."

Ndinakhomera thabwa kumbuyo kwa bwato lawo latsopanolo (ankatsinzina pa msomali uliwonse), n'kumangapo injini, timapiko tili lende m'malere. Ndinamasula pulagi, kuiuzira, kuipukuta ndi malaya, kuibwezera. Kenako ndinapotokola kamsomali ka petulo uku ndi uku, nkhope nditaikwinya mmene ndinkaonera azungu akuchitira. Kupukusa gudumu lapamwamba koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Kachisanu linabwerera m'mbuyo n'kundimenya chala mpaka chikhadabo chinada. Ndinafotokozera anthu kuti imatero ikamadzuka.

Ndiyeno inalira. Inalira kuposa mmene inkalirira pamtsinje, poti timapiko tinalibe chotiletsa. Nkhuku zinathawira m'mapira, mbuzi inadula chingwe, bwato lonse linkanjenjemera. Ine, chifuwa patsogolo, ndinawonjezera moto.

Posakhalitsa panayamba kununkha ngati kwa wosula makasu, ndipo utoto wa pa injini unayamba kutukusira. A Semba anasendera pafupi n'kundifunsa kukhutu: "Mwananga, chinthu cha m'madzi mukachiika pamtunda sichifa?"

"Uyu si mlamba, baba."

"Ayi, ndangofunsa. Odziwa ndinu."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti pamtsinje paja kampopi ka m'mbali mwake kankalavula madzi osalekeza. Tsopano kankangopuma utsi. Injiniyo, mwaona, imayamwa madzi kudzera kumwendo kuti isapse. Munthu wamba akanangoizimitsa. Koma kuizimitsa kukanakhala kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti wosema mabwato wandiposa nzeru. Ndinathamanga n'kunyamula mtsuko wa thobwa, waukulu kuposa yonse, n'kuukweza kunsi kwa mwendo kuti timapiko timire. Thobwa si madzi kodi?

Mtsuko sunakhalitse n'kuphethira kwa diso komwe. Mapale anapita kwawo, thobwa kwake. Lambiri linatera pa mayi ake a Malita, amene ankabwera kudzalanditsa mtsuko wawo, munthu amene mwambo sunkandilola n'kumuyang'ana kumaso komwe. Anaima chilili, chimera chikutsetsereka m'nsidze. Injini inatsokomola kawiri n'kuuma gwa. Gudumu silinatembenukenso, ngakhale amuna awiri atalimbana nalo.

A Semba anachotsa phale paphewa pawo n'kuliika pansi mosamala.

"Takhuta," anatero, amene kwathu kuno ndi mawu othokoza. "Okoka bwato amwa onse nthawi imodzi, opanda chikho."

Lachiwiri Mafodya anafika ndi mmisiri wake. Mmisiriyo anatsegula injini, ananunkhiza, n'kufunsa ngati Shire anayamba kuyenda ndi chimera. Ntchito yanga inathera pomwepo, ndipo ndinatuluka pachipata nsapato ya Mafodya ikundiperekeza.

Malita ndinamukwatirabe. A Semba anauza ankhoswe kuti munthu ngati ine kumusiya yekha ndi ngozi kwa mudzi wonse, bola akhale pamene iwo akumuona. Ndinawapalasira bwato lomwelo mpaka manja anauma ngati chikopa cha ng'ona, ndipo mabowo a misomali yanga anakana kuwamata kuti ndizikapa madzi ndekha.

Ndinaphunzira kusagwira chinthu chimene sindikuchidziwa, ndipo phunzirolo ndinalisunga bwino mpaka chaka chimene Malita anapeza makina osokera. Ankadumpha ulusi pang'ono. Atangondiona ndikupinda manja a malaya, anawasenza n'kukawasungitsa kwa mlongo wake ku Bangula. Mpaka lero ndikudziwa kuti akanandilola kuwatsegula kamodzi kokha, bwenzi akusoka bwino kuposa pamenepo.