Buku la pakompyuta lili kunja

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilisunga poopa kuchititsa manyazi ana ake, munali yunivesite. Laibulale ya payunivesitepo inkalamulidwa ndi Bambo Nkhwazi, Mlonda Wamkulu wa Nzeru Zosindikizidwa ndi Zosasindikizidwa Zomwe.

Chaka china kunabwera makompyuta. Mabuku onse anawajambula n'kuwalowetsa m'makinamo, a mapepala aja n'kuwakhomera m'chipinda chodontha kuti chiswe nacho chiphunzireko. Panali magule, zolankhula ndi fanta. Bambo Nkhwazi analengeza kuti iwo anakonzeka kalekale, makinawo ndiwo anachedwa.

Lamulo lokha silinasinthe: buku likabwerekedwa, labwerekedwa, wina adikire.

Ndiye kunafika Ndaziona Kamtedza, mtsikana wa chaka chomaliza yemwe anali atalephera kale kamodzi phunziro la zanthaka. Kulepheranso kunali kuchotsedwa sukulu, n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

"Bwana, ndimafuna buku la zanthaka lija. Mayeso ayandikira."

"Lili kunja, mwanawe. Analitsegula a Pulofesa Gondoloza, ndipo sanabweze."

"Komatu bwana, la pakompyuta tikhoza kuwerenga tonse nthawi imodzi. Mungondipatsako nambala yolowera."

"Nthawi imodzi? Ukuyesa ndi mbale ya pamaliro? Nanga wina akang'ambamo tsamba tidzagwira ndani?"

A Pulofesawo anali kutsidya kwa nyanja, komwe ankaphunzitsa anzawo ubwino wa laibulale yamakono.

Ndaziona anagwada, misozi ili chuchuchu. Tisawanamizire, Bambo Nkhwazi mtima ali nawo. Anaitanitsa Komiti Yaikulu Yoona za Kukonzeka, yomwe inakabindikira kuhotela n'kubwerako ndi nzeru. Popeza kusindikiza si kubwereka, bukulo lisindikizidwe papepala kuchokera m'kompyuta, alimate chikuto cholimba.

Litatuluka, akuluakulu anagwira pakamwa. Buku la pakompyuta logwirika ndi manja! Chozizwitsa chotere sungachipereke kwa mwana wasukulu wa thukuta m'manja. Analitsekera m'bokosi lagalasi pakhomo kuti alendo azisirira. Ndaziona anawerenga chikuto, chakutsogolo chokhacho, mpaka tsiku la mayeso.

Analephera, ndipo zimatiwawa mpaka lero. Tsiku lomwe ankatuluka pageti atasenza chikwama chake, n'kuti akulowa ofufuza ochokera kulikulu, odzaona ngati yunivesite yakonzekadi. Ofufuzawo anapeza makompyuta ali phee, ovundikiridwa bwino ndi nsalu zoluka, opanda ndi kachidindo ka chala komwe.

"Ife antchito ndife okonzeka, mabwana," anatero Bambo Nkhwazi akukonza tayi. "Vuto ndi ana a masiku ano. Chibwerere makinawa, palibe ndi mmodzi yemwe amene watsegulamo buku. Wina tamuchotsa lero lomwe chifukwa cha ulesi womwewu."

Ofufuza aja anapukusa mitu mwachisoni. Analamula kuti ophunzira onse achite maphunziro apadera owakonzekeretsa kugwiritsa ntchito laibulale yamakono, ndipo wosakhoza asalandire digiri.

Wophunzitsa ndi kuchonga mayeso ake ndi Bambo Nkhwazi.