Chuma cha Nyengo pa Wilibala

Nzeru zambiri zopusa za m'tauni ija zinkabadwira pa tebulo limodzi la miyendo itatu ndi njerwa, pakona ya bala ya mayi wina wosaseka. Lachisanu lina dzuwa litapendeka, amuna atatu anali atalizungulira tebulolo, mabotolo ali pakati, wailesi ikubwebweta pa shelefu.

Mkulu wawo ankamutcha Nduna, chifukwa sankaphonya nkhani za pa wailesi ndipo ankavala jekete ngakhale kunja kutenthe chotani. Wachiwiri anali Thirakitala, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, chomwe maganizo ake onse ankadzera m'mimba. Wachitatu, amene ife timutsate, anali Kandulo, katswiri wa maloko, woonda, wosachedwa kusungunuka zinthu zikatentha.

Wailesi inati mayiko olemera, amene anadetsa mlengalenga ndi utsi wa mafakitale awo, avomera kupereka ndalama ku mayiko osauka kuti nawonso achepetse utsi. Inatinso boma lakonza ndondomeko ya dziko lonse, ndipo gawo loyamba la thandizolo lafika kale m'maofesi a zanyengo.

Nduna anakweza chala. "Mwamva, madala? Lafika kale. Ine dzulo ndaona ndi maso angawa lole itaima pa ofesi ya zanyengo ija, kuseri kwa positi. Mabokosi a matabwa, okhomedwa misomali, amuna akunyamula uku akubuula. Mukuganiza kuti chimabuulitsa munthu n'chiyani?"

"Mwina ndi mabuku," anatero Kandulo.

"Aise, mabuku amaperekezedwa ndi wapolisi? Chimenecho ndi chuma cha nyengo. Ndipo tikachitenga si kuba ayi. Anthu aja anatiwonongera mvula, tsopano akulipira chindapusa. Mvulayo inali ya ndani? Yathu. Ife tikungokatenga gawo lathu mabwana asanalisandutse misonkhano ya m'mahotela."

Thirakitala anavomereza ndi mutu, n'kufunsa ngati mu ofesimo muli firiji.

Kandulo sanaseke. Mtima wake unali kunyumba, pamwamba pa wadirobu, pomwe pankakhala sutikesi yofiira ya mkazi wake. Atatuluka kundende ulendo wapitawo, make mapasa anamulandira bwino, kumutenthetsera madzi osamba, kenako n'kumuuza mofatsa kuti, "Bambo a mapasa, mukadzangokweranso galimoto ya apolisi, ine nditsitsa sutikesi iyo, nditenga ana, ndipita kwa achimwene. Sindidzabweranso." Mayiyo sankalankhula kawiri. Kandulo ankamukonda ndipo ankamuopa, choncho anachita zomwe mwamuna wa nzeru zochepa amachita. M'malo mosiya anzake oipa, anakankhira sutikesiyo kukhoma kwenikweni, n'kugulitsa mpando wokhawo womwe mkazi wake wamfupiyo akanakwerapo.

"Ine ndinalumbira, madala," anatero motsitsa mawu.

"Unalumbira kuti sudzagwidwa, osati kuti sudzagwira ntchito," anayankha Nduna. "Nanga alamu athu akutsokomola chotere ndi utsi wa nkhuni, iwe ukungoonerera? Dilu iyi ikatheka uwagulira chitofu cha magetsi, cha maso anayi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

Pamenepo Kandulo anasungunuka. Chifuwacho chinali choona. Kakhitchini kawo kanali kakuda bii, ndipo make mapasa ankatulukamo maso ali psuu, misozi ikuyenderera ngati wamenyedwa.

Pulani ya Nduna inali yotere. Loweruka anthu onse a mu ofesi, mlonda yemwe, akakhala kuphiri akudzala mitengo pamaso pa mlendo wochokera kwa opereka ndalama. Aliyense wodzipereka kukathandiza ankapatsidwa malaya obiriwira ndi chipewa. "Munthu wovala malaya a ofesi, akukankha wilibala ya ofesi, ndani angamufunse?" anatero Nduna, n'kuitanitsa botolo lina pa dzina la chuma chosafika.

M'mawa mwake Kandulo akumanga nsapato, make mapasa anati, "Lolemba mudzakhale pakhomo, kuli kanthu koti mudzandinyamulire."

"Chabwino, chabwino," anatero Kandulo, phazi lili kale panja. Sanafunse kuti kanthu kanji.

Chomwe Nduna sanawerengere n'chakuti malayawo sankaperekedwa okha, ankabwera ndi khasu. Mlangizi wa ofesi ija, mayi wochangamuka wokhala ndi wezulo m'khosi, atangowaona amuna atatu amphamvu zawo anathokoza Mulungu n'kuwapatsa mzere wa miyala yokhayokha. Nduna, amene manja ake anali asanaonepo thuza, anakumba jekete lili mkati mwa malaya obiriwira, thukuta likutsikira mu nsapato. Thirakitala anakumba maenje mwa ukali mpaka anthu anamuwombera m'manja, mlendo n'kupempha kujambulitsa naye. Mbava yanji yoyamba ntchito ndi kujambulitsa?

Kandulo anali ndi lake vuto. Kutsidya kwa kamtsinje, pakati pa amayi onyamula mbande, anaona mpango womwe ankaudziwa bwino. Make mapasa analipo. Anatsitsa chipewa mpaka pamphuno, n'kumakumba atapereka msana.

Itakwana nthawi ya zolankhula, mlangizi anakwera kumbuyo kwa galimoto n'kuliza wezulo. "Anthu ambiri mukuganiza kuti ndalama zanyengo zabwera m'matumba," anayamba motero. "Ayi ndithu. Opereka amalipira akaona umboni wakuti utsi wachepadi. N'chifukwa chake pa katundu aliyense amene walandiridwa taikapo..."

"Zolankhula za mabwana ndi mphepo," ananong'oneza Nduna. "Akunama dala kuti anthu asadziwe. Tiyeni."

Anazembera kuseri kwa mulu wa manyowa, n'kutenga wilibala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma awa sanafunikire n'kufunsa komwe. Akanangoima pang'ono n'kumvetsera.

Pa khomo la ofesi Kandulo anagwada, n'kutulutsa timawaya take mwaulemu ngati dokotala. Anapotokola, anamvetsera, anapotokolanso. Thirakitala atatopa n'kudikira anatsamira chitsekocho, ndipo chinangotseguka chokha. Mlonda anali ataiwala kukiya. Kandulo zinamupweteka mumtima, pakuti ntchito yokhayo yomwe anabwerera inali itagwiridwa ndi msana wa mnzake.

Mkati munali madesiki, zithunzi za mitsinje youma pakhoma, ndi duwa la mumphika lomwe linafa ndi ludzu pansi pa chikwangwani cholimbikitsa kusamala zomera. Mabokosi aja anali m'chipinda chakumbuyo. Anakweza limodzi pa wilibala, tayala n'kuphwa mbali imodzi. Thirakitala anapezadi firiji, ndipo anatulukamo ndi masoseji onse omwe anasungira mlendo.

Wilibalayo inalira njira yonse ngati nkhumba yopita kumsika, koma Nduna ananena zoona pa chinthu chimodzi: palibe anawafunsa. Anthu ankangoti, "Mulimbike, a zachilengedwe." Pa ngalande ina mkulu wa mpingo anavula jekete n'kuwathandiza kuwolotsa bokosilo.

Kobisala kwawo kunali kumapeto kwa tauni, m'nyumba yosatha ya azakhali ake a Thirakitala, yopanda denga, yopanda zitseko. Nduna anapempha kuti onse avule zipewa polemekeza chuma. Thirakitala anakanula matabwa ndi chitsulo. Pamwamba panali udzu wotetezera katundu. Pansi pa udzu panali mbaula.

Mbaula zokhazokha. Zachitsulo, zojintcha, zopakidwa utoto wobiriwira, iliyonse ili ndi kabokosi kakuda komatidwa m'mbali. Pakona panali thumba la timibulu ta utuchi toyatsira. Nduna anapisa mkono mpaka pansi, kenako anagwedeza mbaula imodzi pafupi ndi khutu, osamva kanthu. Koma mtsogoleri salakwa.

"Ndinadziwa," anatero. "Chuma chenicheni sichiyenda chili maliseche. Izi tikagulitsa kumsika, tili bho."

"Tibweze, madala," anachonderera Kandulo. "Chitseko chikadali chotsegula, anthu akadali kuphiri. Palibe angadziwe."

Umenewo unali mwayi wake womaliza, ndipo unapsa ndi machesi a Thirakitala, amene anali atayatsa kale mbaula imodzi n'kuyalapo masoseji. Kandulo analumpha. "Zimitsa, aise, utsi utiulula. Nyumba ino ilibe denga."

Onse anayang'ana kumwamba. Kunalibe utsi. Moto unkayaka mwakachetechete, woyera, wopanda ngakhale kamtambo. Nduna anavina pang'ono pa mchenga. "Imeneyi ndiye mbaula ya mbava. Ungaphike pakhomo pa polisi osaoneka. Yatsani zonse, tione ngati zili bwino. Kasitomala safuna katundu wosayesa."

Anaziyala pabalaza n'kuziyatsa imodziimodzi. Kandulo anakhala chogwada kuyang'ana motowo, maso ake osawawa, pakhosi posakanda. Anakumbukira kakhitchini kakuda kaja, ndi chifuwa chomwe chinkagwedeza mkazi wake akamaphika. Anakokera mbaula imodzi pambali, n'kuipukuta ndi chipewa. "Iyi sitigulitsa. Ndi ya make mapasa." Chiyambire kuba, aka kanali koyamba kuti amve ngati wachita chinthu chabwino.

Nthawi yomweyo kuphiri, mlangizi anali akuonetsa mlendo mapu a pa foni yake. Ankafotokoza zomwe mbava zathu zinathawa. Kabokosi kakuda kaja kamamva kutentha, ndipo mbaula ikangoyatsidwa kamatumiza uthenga wonena malo omwe ili. Umenewo ndiwo umboni womwe opereka ndalama amafuna. "Panopa mapuwa ali mbee," anatero mlangizi, "chifukwa mbaulazo tigawa Lolemba."

Pa mapupo panayaka kadontho kofiira. Kenako kena. Kenako tambiri, tonse pamalo amodzi.

Mlendo, bambo wa magalasi amene dzuwa linali litamufiiritsa khosi, anasangalala ngati mwana. Anaganiza kuti amukonzera chionetsero chodzidzimutsa, ndipo anafuna kukaona banja lachitsanzo limeneli pompo. Mlangizi anamwetulira mlendo, n'kunong'oneza wapolisi woperekeza. Posakhalitsa magalimoto anali pamzere, lole ya amayi ili pambuyo, nyimbo zili pakamwa.

"Ndi ukwati ukudutsa," anatero Nduna atamva nyimbozo.

Ukwatiwo unaima pakhomo. Nyumba yopanda zitseko ilibe kogogoda, choncho anthu anangolowa mbali zonse, wojambula ali patsogolo. Thirakitala anaima soseji ili theka mkamwa. Koma Nduna, tisamunamizire, anali ndi mtima wa mkango wa pa chithunzi. Anakonza malaya obiriwira aja, n'kutambasula manja.

"Takulandirani, alendo athu olemekezeka, ku chionetsero cha kuphika kopanda utsi. Monga mukuona, ife a zachilengedwe sitigona."

Mlendo anawomba m'manja. Anamuzindikira Thirakitala, shasha yokumba maenje ija, n'kumugwira chanza. Analawa ngakhale soseji yake yomwe, n'kuiyamikira. Kwa kamphindi Kandulo anakhulupirira kuti apulumuka, ndipo analonjeza Mulungu zinthu zambiri.

Kenako mlendo analoza kabokosi kakuda, n'kulankhula m'chinenero chake. Mlangizi anamasulira, maso ali pa Nduna. "Akuti, poti ndinu akatswiri athu, muwafotokozere anthuwa ntchito ya kabokosi aka."

Nduna anakayang'ana kabokosiko. Anakagogoda ndi chikhadabo. Anatsokomola. "Aka," anatero mwaukadaulo, "ndi kosungiramo machesi."

Amayi onse, amene anamvetsera zolankhula mpaka kumapeto, anaphulika kuseka. Wapolisi anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anapukuta misozi n'kutulutsa unyolo. "Madala, tsiku la fote lakwana. Mwatiitana nokha, ndiye musativutitse."

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Make mapasa anadutsa pakati pa anzake, dothi la kuphiri likadali m'manja, n'kuima patsogolo pa mwamuna wake. Kandulo anali atakumbatira mbaula yake ija ngakhale inali yofunda.

"Amayi, ndimatengera inu," anatero. "Chifuwa chija. Ndimafuna musamalirenso ndi utsi."

"Ndikudziwa," anayankha mayiyo. Sanakweze mawu. "Ine ndakhala ndikupita ku maphunziro a mbaulazi mwezi wonse uno, inu muli kubala. Kanthu kaja ndimati mudzandinyamulire Lolemba ndi kameneka. Amatipatsa ulere, bambo a mapasa. Mwaba chinthu chanu chomwe."

Kandulo anayang'ana mbaula yomwe inali m'manja mwake.

Mlangizi, pofuna kupulumutsa tsikulo pamaso pa mlendo, analamula kuti poti mbaula zayesedwa kale ndipo wojambula alipo, kugawa kuyambe pomwepo. Yoyamba kuperekedwa inali ya m'manja mwa Kandulo. Wapolisi anaikutumula phulusa, mlendo anaipereka ndi manja awiri, anthu anawomba m'manja, ndipo make mapasa anapinda mpango wake n'kuisenza pamutu.

Atatuwo anakwezedwa m'galimoto ya apolisi, Nduna akufotokozera dalaivala kuti mlanduwu ndi wa mayiko olemera, Thirakitala akufunsa ngati masoseji otsalawo apita nawo ngati umboni. Kandulo anakanikiza nkhope pa waya wa zenera. Chiyembekezo chake chonse chinali chitatsala pa chinthu chimodzi: wadirobu ndi yaitali, mkazi wake ndi wamfupi, ndipo mpando anagulitsa.

Make mapasa anayandikira zeneralo ngati wamva maganizo ake. Maso ake anali ofiira, koma lero sunali utsi. Anakweza dzanja n'kugogoda chitsulo cha mbaula ili pamutu.

"Ndi yolimba," anatero. "Ndikhoza kukwerapo."