Boti la Tadala ndi Katundu wa Eni Ake

Lolemba

Boti ndalipeza.

Nkhani yonse ndi ya Tadala, mwana wa achemwali, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Kontirakiti ya alamu yatha, banja lonse likubwerera ku Malawi Lamulungu likudzali. Mwanayu wakulira m'nyumba ya ku Old Airport kuno ku Doha, nyanja amangoionera pawindo la basi. Mwezi watha anandifunsa kuti, "Amalume, inu mumalondera maboti, bwanji simunandikwezepo?" Ndinachita manyazi, ndinalonjeza.

Zoona, ndimalondera maboti padoko la anthu olemera ku Pearl. Ndimatsegula geti, eni ake n'kumadutsa ndi agalu awo. Kukwera ayi.

Nditaweruka ndadzera ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, kukaona maboti amatabwa aja ochita hayala. Zimene ndikufuna:

- mpanda wothithikana, Yami asapyole (mlongo wake wa Tadala, zaka zitatu, sadziwa kukhala pansi)
- majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana
- chimbudzi
- mthunzi
- nyimbo zosagonthetsa m'kutu

Pali lalikulu, la magetsi ndi masipika, fodya wa shisha pamwamba, koma mpanda wake woti mbuzi n'kudutsa osakhudza. Ayi. Ndasankha laling'ono, la kaputeni wachikulire wa ku India, lonyamula anthu khumi ndi awiri basi. Timajekete wanditulutsira, ndatigwira ndi manja angawa. Lachisanu madzulo, dzuwa likapepa, ola limodzi. Ife asanu, kuonjezapo mayi Nachisale, amuna awo ndi ana awo atatu, anzake a Tadala.

Ndasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Nepal: iye Lachisanu, ine Loweruka. Alamu ndawauza kuti nkhaniyi ndi ya m'nyumba. Ati, "Mafi mushkila, palibe vuto, alamu."

Lachiwiri

Alamu aiponya nkhani ija pagulu lathu la pafoni.

Foni yakhala ikunjenjemera m'thumba kuyambira m'mawa, supavayiza akungondiyang'ana. Potsegula, Amalawi onse a mu Doha akudziwa. Dzina lapezeka kale: mwambo wotsanzikana wa panyanja. Komiti yasankhidwa ine ndili pageti. Tcheyamani ndi Che Jafali, dalaivala amene anafika kuno tonsefe tisanaone ndege. Pali wachiwiri wawo, mlembi, msungichuma, woona za zakumwa, wosungitsa mwambo. Ine amene ndinapsa ndi dzuwa kufunafuna boti andiika kukhala membala wamba.

Membala wamba!

Ndawaimbira alamu. Ati, "Tikanachoka mwakachetechete ngati akuba? Anthu akanatinena." Atinene. Kunenedwa kunapha ndani? Achemwali alanda foni, ati ndisakweze mawu, alamu ali ndi BP. Ine ndiye amaganiza kuti ndilibe magazi.

Lachitatu

Msonkhano ku Muntazah, m'chipinda cha Che Jafali. Anthu takhala pamabedi osanjikiza, miyendo ili lendelende pamitu ya anzathu. Mutu wa nkhani: boti liti?

Anyamata akufuna lalikulu lija. Zifukwa zawo:

- pali povinira
- zithunzi zimatuluka bwino, akumudzi aone
- mwina n'kulola kuotcha nyama

Ana palibe wawatchula. Ndaimirira, ndafotokoza za mpanda, za Yami, za majekete. Wina kumbuyo akuti, "Ife tinakula tikuwoloka Shire pabwato, jekete sitinkaidziwa." Ndati ndiye pitani mukawoloke Shire wanuyo. Wosungitsa mwambo wandikhazika pansi.

Andipulumutsa mayi Nachisale. Osaimirira n'komwe, ati, "Ana anga sakwera chinthu chopanda mpanda. Wofuna kuvina akavine kuchipinda kwake." 

Che Jafali agamula: laling'ono. Mabanja awiri, ine, ndipo malo awiri otsalawo ndi a iwo eni ndi msungichuma. Ena onse akuti adzangobwera pagombe kudzagwirana chanza. Avomera msanga modabwitsa, ngakhale ovina aja. Zilibe kanthu, boti ndi lomwe ndinasankha ine.

Lachinayi

Foni yoyamba: "Achimwene, achemwali anu ali ndi kampata m'chikwama? Ndi kakang'ono kwambiri."

Yachiwiri, kakang'ono. Yachitatu, kakang'ono zedi, kongolowa m'thumba. Ndikuyankha kuti chikwama si changa. Onse akutseka chimodzimodzi: "Khalas, yatha nkhani, tionana pagombe."

Kakang'ono ka Mmalawi ndimakadziwa ine. Nditapita kutchuthi ndinavomera kakang'ono ka munthu, kanapezeka kali makina osokera.

Ndalemba pagulu mwa zilembo zikuluzikulu kuti mawa ndi boti la ana, si tsiku lotumiza katundu kumudzi. Aliyense wavomereza. Msungichuma walemba kuti, "Mfundo ya nzeru."

Tadala wandiimbira pafoni ya mayi ake. Akufunsa ngati kaputeni amalola kugwira chiwongolero, ngati nsomba zimaoneka, ngati boti likapendekeka timagwa tonse kapena Yami yekha. Diresi wasankha kale. Ndawagulira tizipewa tiwiri ndi mankhwala a chizungulire.

Lachisanu



Ndafika woyamba. Kaputeni wakonza boti, wayala mikeka, wayika madzi ozizira. Ana afika, wawaveka majekete yekha, akumangitsa zingwe mmodzimmodzi. Tadala waima mowongoka ngati msilikali, sakufuna n'kupuma komwe. Yami amugwira amayi ake pakolala.

Kenaka basi yaima. Ina yaima. Matakisi.

Akutsika Amalawi, aliyense atasenza. Zimene ndaona ndi maso anga:

- mabulangete, aja olemera ngati mwana wa ng'ombe
- poto wa magetsi wophikira mpunga
- masipika awiri
- makatoni a zipatso za tende
- matayala a njinga
- chikwama chimene mwini wake akukana kunena zam'kati
- ndowa ya mafuta odzola

Ndati abale, dzulo tinagwirizana chiyani? Akuti, "Ifetu timaganiza kuti mukunena enawo."

Ndati chabwino, ana akwere kaye, zinazo pobwera. Che Jafali akweza dzanja. Ati sitingakwere pamadzi osapemphera, ndipo mlembi wabwera ndi pulogalamu. Pemphero lachikhristu. Dua ya Chisilamu, kuti pasakhale odandaula. Mawu a wachiwiri kwa tcheyamani oitana tcheyamani. Mawu a tcheyamani, kuyambira tsiku limene iwo anafika mu Doha kulibe nyumba zazitalizi. Kaputeni akuloza wotchi: "Yalla, yalla!" Ndapita kukanong'oneza Che Jafali, wosungitsa mwambo wandigwira pamkono, akuti akulu sadulidwa mawu.

Mawu a alamu othokoza. Alira. Anthu ayamba nyimbo.

Ndiye yafika ndime yopereka katundu. Aliyense payekha, kwa achemwali, ndi malangizo ake. "Mukafika pa Liwonde musatsike pa depoti, mufunse mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi chigayo." "Ichi musapereke kwa mkazi wanga, mupereke kwa mayi anga, mkazi wanga asadziwe." Achemwali akungoti chabwino, chabwino, mulu ukukwera mpaka m'chiuno.

Tsopano muluwo tiusiye kuti? Galimoto tilibe. Eni ake apereka, asamba m'manja, ayamba kujambulana. Kusiya zikwama zopanda mwini pa Corniche, ine monga mlonda ndikudziwa chimene chimatsatira: apolisi. Ndapempha anyamata awiri kuti alondere, akuti shifiti yawo yayandikira, basi iwasiya. Msungichuma wati tingokweza zonse m'boti. Ayamba kale kupatsirana mabulangete.

Kaputeni waima pakhomo la boti lake, manja m'chiuno. "Mafi kago. Khalas." Akuti katundu sakwera, basi. Sindikumuda. Ola lathu latha tili pamtunda, ndipo banja lina la ku Philippines laima pamzere, anthu asanu ndi mmodzi ndi kabotolo ka madzi basi.

Kaputeni wapempha majekete ake.

Ana a mayi Nachisale avula okha. Yami sakudziwa chimene chikuchitika. Tadala wagwira chingwe ndi manja onse awiri, akundiyang'ana ine. Ndagwada, ndamumasula ndekha. Sanalire. Bola akanalira.

Boti lanyamuka ndi jekete lomwelo lili pa mwana wa eni. Kumbuyo kwanga mlembi akuitana anthu ku pemphero lotsekera.

Loweruka

Pageti kuyambira m'mawa, kubweza shifiti ya mnzanga. Ndapempha supavayiza maola awiri okha kuti ndithamange nawo ana ku Corniche. Wati ndinapuma dzulo. Kupuma!

Ndayesa kuwaimbira alamu kuti awatengere okha, boti lililonse, ngakhale la mbuzi lija, amugwire Yami mwamphamvu. Ati sangachoke, akuyeza katundu pasikelo. Achemwali atulutsa zovala zawo ndi mabuku a ana kuti mabulangete a anthu alowe.

Pagulu zithunzi zili mbwee. Anthu aima kutsogolo kwa boti, akumwetulira, ngati akwera. "Mwambo unayenda bwino kwambiri." "Umodzi ngati uwu upitirire." Che Jafali akuti tizichita chaka ndi chaka. Wina wandithokoza chifukwa cha maganizo abwino.

Ndalemba yankho lalitali, lotchula aliyense ndi katundu wake. Ndafufuta. Ndalembanso. Ndatuluka m'gulumo. Mlembi wandibwezamo, akuti mwina chala chinaterereka.

Maboti atuluka ambiri lero, nyanja ili bata. Ndatsegulira onse.

Lamulungu

Kubwalo la ndege m'mawa. Katundu wapyola muyezo, monga aliyense amadziwira. Matayala, masipika, ndowa ndi poto wa mpunga zatsala ndi ine, membala wamba, kuti ndikabweze kwa eni ake. Eni akewo mafoni sakuyankha.

Alamu andikumbatira, akuti ndisasunge mangawa. Achemwali akuti ndizidya. Mkwiyo wandithera, ndangotopa.

Tadala wavala kachipewa kake m'kati mwa nyumba yozizira ija. Ndamuuza kuti pepa, amalume alephera. Ndati kontirakiti yanga ikatha ndidzabwera, tidzapeza boti kwathu konko, awiriwiri, osauza munthu.

Wafunsa kuti itha liti. Ndati zaka ziwiri.

Waganiza pang'ono, akuyang'ana nsapato zake. Kenaka wati, "Ndiye mudzafunse la majekete aakulu, amalume. Ndidzakhala nditakula."

Alowa. Ndakwera basi ndi matayala awiri m'khosi, shifiti ikuyamba masana.